Buleki yakumbuyo yogwirira kudzanja: momwe ntchito yayendera pa njinga ya alamu anga

12 Okutobala: ntchito yake

Njingayo ndi ya 150cc, ya mtundu womwewu wadzaza m'masiteji a kabaza, mabuleki a dramu kutsogolo ndi kumbuyo, dramu iliyonse mamilimita 130. Eni ake ndi alamu anga, amene amapikula mbatata ya kachewere kuno ku Dedza n'kukagulitsa ku Golomoti. Chiwagwereni ngozi chaka chatha, kakolo wa mwendo wawo wamanja sapindikanso. Kuyenda amayenda bwinobwino, ndipo injini amalizira sitata, koma kuti aponde pedulo ya buleki amayenera kunyamula mwendo wonse kuchoka pa chopondera, ndipo akaponda amaponda ndi thupi lonse. Tayala lakumbuyo mwina likhwekhwereze, mwina lisagwire n'komwe. Zapakati palibe. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kuchokera pa Masasa atamanga matumba awiri kumbuyo akudziwa kuti kumeneko zapakatizo ndi zimene munthu amadalira.

Ntchito tsono ndi yosamutsa buleki yakumbuyo kuti izigwiridwa ndi dzanja, koma pedulo osaichotsa, poti masiku ena njingayi amayendetsa mwana wawo.

Ena anayamba kale kuchita zimenezi. Mick Doohan wa ku Australia atagwa pokonzekera mpikisano ku Assen, ku Netherlands, mu 1992, mwendo wake wamanja unatsala pang'ono kudulidwa, ndipo atachira phazi silinkathanso kuponda buleki. Anamuikira kaliva kokankha ndi chala chachikulu cha kumanzere, pansi pa handulo, ndipo ndi buleki imeneyo anapambana mpikisano wa dziko lonse wa njinga za 500cc zaka zisanu zotsatizana, 1994 mpaka 1998. Kungoti yake inali ya mafuta a buleki (brake fluid), pa disiki, pa njinga yosanyamula mbatata. Yathu ndi ya kebulo ndi dramu, ndipo ndalama zimene alamu aika pambali ndi K300,000 basi.

15 Okutobala: disiki ya pa rimu taikana

Mnyamata amene amandithandiza pa galaja wabwera ndi chithunzi cha njinga ya Buell chimene wachiona pa Facebook, akuti tichite zomwezo kutsogolo kuti buleki yakumbuyo isamafunike n'komwe. Ndinakhala naye pansi, chifukwa funso lake silinali lopusa.

Buleki imeneyo anaitulutsa Erik Buell wa ku America pa XB9R Firebolt mu 2002. Ili ndi disiki imodzi yaikulu ya mamilimita 375 yomangidwa pa rimu penipeni, osati pakati pa gudumu, ndipo caliper (chopanira disiki) ya mapisitoni 6 imaigwira kuchokera mkati. Nzeru yake ndi yakuti mphamvu yoimitsa njinga imachoka pa disiki n'kulowa mu rimu ndi tayala pomwepo, osadutsa m'masipoko. Motero masipoko ndi habu zimatha kukhala zopyapyala, disiki yachiwiri ndi caliper yake sizifunika, gudumu limapepuka, ndipo gudumu lopepuka silidumphadumpha likagunda bampu. Zonsezo n'zoona, ndipo ine ndimazilemekeza.

Koma gudumu la Buell ndi loumba, lozungulira ndendende kuchokera ku fakitale. Rimu ya alamu ndi ya masipoko a waya, inawongoledwapo ndi hamala, ndipo ukaizunguza imagwedeza mutu mamilimita angapo. Disiki ikangokhota theka la milimita, liva imayamba kukubwezera m'dzanja. Ukamanga disiki pa rimu, dzenje lililonse la pa M1 limene lapinda rimu ndiye kuti lapindanso buleki. Pali kale wophatika matayala wa m'mbali mwa msewu amene adzatsamiritse chitsulo chake pa disikiyo pochotsa tayala. Ngakhale kwawo komweko ochita mipikisano ankadandaula kuti imatentha msanga, ndipo pa njinga ya 1125R kampaniyo inadzaika caliper ya mapisitoni 8. Makampani akuluakulu a ku Japan sanaitengere. Ifenso taisiya pa chithunzi pomwepo.

19 Okutobala: liva yachiwiri kumanzere

Tagula liva ya kilatchi yakale ndi chomangira chake pa K6,000, kebulo ya kilatchi yodulitsa, yotalika mamita 2, pa K9,000, ndipo owotcherera atenga K5,000.

Poyamba tinayesa za Doohan zenizeni, kachitsulo kopinda pansi pa handulo kokankha ndi chala chachikulu. Gudumu lili m'mwamba linkaima. Alamu atakwerapo, njinga inkangopitirira. Chala chachikulu chimayenda pang'ono ndipo mphamvu chilibe, pomwe dramu imafuna zonse ziwiri, kukoka kwakutali komanso kwamphamvu. Kachitsuloko kapita m'bokosi la zotsala.

Tinatembenukira kwa anyamata ochita masewera oimika njinga ndi tayala limodzi, amene amaika maliva awiri kumanzere. Liva ya kilatchi tinaidula kuti ikhale ya zala ziwiri n'kuipendeketsa m'mwamba pang'ono, ya buleki n'kukhala pansi pake. Malo pa handulo anachepa, choncho bokosi la masiwichi tinalisunthira mkati, n'kuboolera kachiphuphu kake bowo latsopano. Musadule kachiphuphuko monga ambiri amachitira, chifukwa bokosi limayamba kuzungulira n'kumakoka mawaya.

Zotsatira zake sizinasangalatse. Liva imafika pa handulo njinga isanaime. Ndinakoleka sikelo yoyezera chimanga pa mkono wa dramu (chitsulo cha panja pa dramu chimene chimakokedwa pogwira buleki) n'kumakoka, alamu akukankha njinga: singano inafika pa makilogalamu 50, pothera pa sikeloyo, tayala lisanamange. Phazi limapereka mphamvu imeneyo osaganizira n'komwe. Zala, kudzera m'kebulo yopyapyala ya mamita 2 yokhotakhota, sizinkafika pamenepo, ndipo gawo lalikulu la kukoka linkathera m'kutamuka kwa waya ndi kufinyika kwa chikopa chake.

26 Okutobala: buleki yodzigwira yokha

Alamu anaitenga kukayesa pa msika wa Bembeke ndi thumba limodzi. Pobwera anati, "Alamu, njingayi ikakhala yopanda katundu ikuyenda bwino, koma ndikangomanga thumba ikulemera, ndipo dramu ikuwotcha dzanja."

Chifukwa chake chinapezeka titakhalira pa mpando anthu awiri, wina akuyang'ana pansi. Chotsekera chikopa cha kebulo chinali pa felemu, pomwe mkono wa dramu uli pa gudumu, limene limakwera ndi kutsika limodzi ndi swingarm, chitsulo chogwira gudumu lakumbuyo. Mashoko akafinyika, mtunda wa pakati pa ziwirizi unkasintha, ndipo waya unkadzikoka wokha. Ndodo ya pedulo ilibe vuto limeneli kwenikweni chifukwa ku fakitale anaiyambitsa pafupi ndi pamene swingarm imazungulirira.

Tapanga chomangira cha zitsulo ziwiri zokumbatira swingarm, ndi mabawuti awiri a M8, chotsekera n'kuwotcherera pa chomangiracho, pafupi ndi dramu. Pa swingarm penipeni sitinawotcherere: chitsulo chake n'chopyapyala, ndipo pamene pawotchedwa ndi pamene pamadzayambira mng'alu. Chikopa cha kebulo tachisiyira kamphako kotakasuka pafupi ndi bawuti yaikulu ya swingarm kuti chizipindika momasuka. Zonse K8,000.

Panatulukanso tizinthu tiwiri. Chikopa chinali chitayamba kusungunuka pamene chinagunda ekizozi, choncho tachidutsitsa mkati mwa felemu n'kuchitchinga ndi kalata ka aluminiyamu. Chinanso ndi sipuling'i ya pa ndodo ya pedulo. Kebulo ikakoka mkono, mkonowo umatsetsereka pa ndodo n'kufinya sipuling'iyo, ndiye kuti zala zimalimbana ndi dramu komanso sipuling'i. Taikapo yofewa ya pa karibuleta yakale. Pedulo ikugwirabe payokha monga kale.

2 Novembala: mkati mwa dramu

Apa ndi pamene panali nkhani yaikulu, ndipo amene akufuna kuchita ntchito ngati imeneyi ayambire pano, asanagule liva kapena kebulo.

Titatsegula, tinapaka choko pa ma brake shoe onse awiri (zitsulo zopinda zimene zimakanikiza dramu kuchokera mkati), kubwezera gudumu, kulizunguza titagwira buleki pang'ono, kenako kutsegulanso. Choko chinafufutika pa kachigawo kakang'ono, mwina kotala la shoe iliyonse. Kwina konse sikunkagunda dramu. Dramuyo inali ndi mizere ndiponso yosazungulira bwino, ndipo cam imene imakankha ma shoe inali youma ndi dzimbiri, yolimba kutembenuza ndi dzanja. Phazi linkaphimba zonsezi ndi mphamvu. Dzanja silingathe.

Gudumu tinalitumiza ku Lilongwe pa minibasi kuti akaseme dramu pa lathe (makina osemera zitsulo), masipoko ali pomwepo. Musamasule masipoko musanasemetse, chifukwa mukadzawamanganso amakoka habu n'kuikhotetsanso. Kusema K20,000, woyendetsa minibasi K6,000, ma shoe atsopano K14,000. Atsopanowo nawonso sanagwirizane ndi dramu yosemedwa, poti inakula pang'ono. Tinamata sandipepa mkati mwa dramu, mchenga ukuyang'ana ma shoe, n'kumazunguza gudumu titagwira buleki mopepuka kufikira choko chitafufutika ponseponse. Ndi ntchito ya masana athunthu koma siidya ndalama. Fumbi lake musaliuzire ndi pakamwa kapena kompuresa. Ma shoe ena otsika mtengo amakhala ndi asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo. Nsanza yonyowa ndi yokwanira. Cam taipala ndi kuipaka girizi wochepa kwambiri, wosafika pa ma shoe.

Pomanga ekiselo, gwirani buleki mwamphamvu kenako limbitsani nati. Mbale ya ma shoe imakhazikika pakati pa dramu. Kachinthu kameneka kokha kanachepetsa kuyenda kwa liva moonekeratu.

Mkono wa dramu unali mamilimita 75. Tapeza wa mamilimita 95 wa mano ofanana pa njinga ina yakufa, K5,000. Wowotcherera anati atalikitse wakale womwewo, ndinakana, chifukwa chitsulo chimenecho chikathyoka pamtsetse palibe chachiwiri. Mkono wautali wawonjezera mphamvu pafupifupi kotala, komanso wawonjezera mtunda umene liva iyenera kuyenda ndi kotala lomwelo. Taukhazika pa mano oti ukagwira buleki, mkono ndi waya zizipanga ngodya yowongoka. Chenjezo kwa amene amasuntha mkono pa mano pofuna kutsiriza ma shoe okutha: cam imatha kutembenuka kupitirira malire n'kumanga tayala osabwereranso.

Wowotcherera yemweyo, amene anagwirapo njinga zakale za ku Britain, anafunsa bwanji osaipanga dramuyo kukhala ya macam awiri. Mu dramu wamba shoe imodzi yokha ndi imene imakokeredwa mkati ndi kuzungulira kwa gudumu n'kudzilimbitsa yokha. Inayo dramu imaikankhira kunja, ndipo n'chifukwa chake ma shoe awiri sakutha mofanana. Ukaika cam ku shoe iliyonse, onse awiri amadzilimbitsa. Njinga zamipikisano za m'ma 1960 zinkadalira zimenezi, ndipo Suzuki GT750 yoyambirira inali ndi ma shoe anayi otere kutsogolo. Koma dramu yotere njinga ikamabwerera m'mbuyo ma shoe onse amasanduka ofooka. Munthu woima pachikweza ndi matumba awiri amafuna buleki yogwira mbali zonse. Tasiya momwe inalili.

9 Novembala: liva imodzi, magudumu awiri

Alamu anadandaula kuti dzanja lamanzere lachulukidwa ntchito, n'kufunsa ngati liva yakumanja singagwire mabuleki onse awiri. Makampani anachitapo zimenezo. Moto Guzzi kuyambira pa 850 T3 ya 1975 inkalumikiza pedulo ku disiki yakumbuyo ndi imodzi yakutsogolo, liva n'kugwira disiki inayo. Honda inaika zofanana pa Gold Wing mu 1983. Ku India, lamulo limene linayamba mu Epulo 2019 linati njinga yatsopano iliyonse yosapitirira 125cc ikhale ndi mabuleki olumikizana kapena ABS (chipangizo choletsa tayala kumanga n'kukhwekhwereza), ndipo yoposera apo ikhale ndi ABS. Lamulolo ndi la njinga zogulitsidwa kwawo komweko. Zambiri za kabaza wathu zilibe.

Tinapanga kachitsulo kafulati ka mabowo atatu pansi pa thanki: lapakati la kebulo yochokera ku liva, am'mbali a kebulo yakutsogolo ndi yakumbuyo. Zida ndi owotcherera K12,000.

Sizinatheke, pa zifukwa zingapo zimene zinaonekera tsiku lomwelo pa bwalo la mpira. Mphamvu ya dzanja limodzi inagawika pawiri, ndipo dramu iliyonse inkalandira yochepa. Titasuntha bowo lapakati kuti kutsogolo kuzilandira zambiri, pa tala zinali bwino, koma pa timiyala tayala lakutsogolo linkatsogola kumanga, ndipo mnyamata wanga anadya fumbi, mwamwayi akuyenda pang'onopang'ono. Titasunthira kumbuyo, njinga yopanda katundu inkakhwekhwereza, yokhala ndi matumba n'kumafuna zambiri. Kugawa koyenera kumasintha ndi katundu ndiponso msewu, pomwe bowo limakhala pamodzi. A ku fakitale amaikamo sipuling'i yochedwetsa buleki yakutsogolo, yoyesedwa pa njinga imeneyo, ndipo amasiya liva ina yodziimira payokha. Ife tikanatsala ndi waya umodzi wosenza moyo wa munthu amene pedulo sangaiponde bwino. Tamasula zonse.

Sindikunyoza mabuleki olumikizana. Kwa okwera ambiri amene amaopa buleki yakutsogolo n'kumangoponda yakumbuyo, ndipo pa kabaza alipo ochuluka, buleki yotere yochokera ku fakitale ingawapulumutse. Yopangira pansi pa mtengo ndi imene ndikuikana.

20 Novembala: Lilongwe

Yankho linali m'misewu ya mu mzinda nthawi yonseyi. Scooter ilibe kilatchi ya dzanja, ndipo liva yake yakumanzere ndi buleki yakumbuyo, ya kebulo, pa dramu. Ndiye kuti liva ndi kebulo zopangidwira ntchito imeneyi zilipo kale. Kwa ophwasula njinga cha ku Biwi ndinapeza liva ndi chomangira chake pa K16,000, ndipo kebulo yatsopano ndinagula ku Malangalanga pa K18,000.

Kusiyana kwake ukuona ndi maso. Waya wake ndi wonenepa, chikopa cholimba chosafinyika m'manja, ndipo kumapeto kuli ulusi ndi nati yosinthira, yolowa bwinobwino pa mkono wa dramu. Pa liva ya kilatchi, kuchoka pa bawuti yozungulirapo kufika pokoleka waya panali mamilimita 30; pa ya scooter pali 24. Imakoka waya wochepa koma mwamphamvu, ndipo poti dramu tsopano ilibe kuyenda kwachabe, waya wochepawo ukukwana. Ilinso ndi zinthu ziwiri zimene sitinaziganizire. Ili ndi siwichi ya nyali ya buleki. Masabata onsewa nyali sinkayaka alamu akagwira liva, poti siwichi yakale ili ku pedulo. Ilinso ndi kachingwinjiri kotsekera liva ili yogwira, koti njinga isasunthe pomanga katundu potsetsereka.

Ulendo womwewo ndinaona foloko yathunthu ya njinga ya 150cc ya disiki, ndi gudumu, caliper ndi master cylinder (kapampu ka pa liva kokankha mafuta a buleki), pa K170,000. Ndinawaimbira alamu. "Alamu, izi zitidutsitsa bajeti. Koma njinga ikamaima kulemera kumapita kutsogolo, ndipo kumeneko ndi kumene ntchito yambiri imagwiridwa. Kutsogolo kukakhala kwamphamvu, dzanja lanu lamanzere lidzangothandizira." Anati ndigule, n'kutumiza ndalama pa foni. Mayendedwe ndi katunduyo K25,000.

28 Novembala: zimene zinali m'caliper

Mapaipi a foloko analowa bwino m'zomangira zakale, mwayi umene sindinauyembekezere. Gudumu linakhala chakumanzere mamilimita 4, choncho tinasemetsa kachitsulo katsopano ka pa ekiselo, K6,000.

Caliper ndi imene inatisunga. Mapisitoni sankabwerera, ndipo titawatulutsa, marabala anali otupa ndi ofewa. Mkati munali mafuta ofiira a giyabokosi ya galimoto. Wina anathiramo ataona kuti nawonso ndi mafuta. Marabala a buleki amapangidwira brake fluid, ndipo oyilo wa injini, wa giyabokosi kapena palafini amawatupitsa. Zikatero palibe kutsuka kumene kungawabweze. Tasintha marabala onse, K12,000, paipi yamphira K20,000, mapadi K15,000, botolo lomata la brake fluid ya mtundu wa DOT 4 K13,000. Tizitsulo tiwiri timene caliper imatsetserekapo tinali touma, tapala n'kupaka girizi wa marabala.

Titamanga, liva inali yolimba gwa koma njinga yosaima. Pansi pa master cylinder panalembedwa 14, kutanthauza pisitoni ya mamilimita 14, yoyenera njinga ya madisiki awiri. Pisitoni yaikulu imakankha mafuta ambiri koma mofooka. Tinakasinthitsa ndi ya mamilimita 11, kuwonjezera K10,000. Tsopano liva ikuyenda motalikirapo ndipo zala ziwiri zikukwana.

Mpweya unativuta kuchotsa chifukwa umabisala pa bawuti ya pamwamba pa paipi. Chinatithandiza ndi jakisoni wamkulu watsopano ndi kapaipi: kukankha mafuta kuchokera pansi pa caliper kupita m'mwamba, kumene mpweya umafuna kupita kale. Usiku tinamanga liva ndi mphira, handulo titaipotozera kumanzere kuti master cylinder ikhale pamwamba. M'mawa liva inali yolimba. Samalani utoto wa thanki, brake fluid imausenda.

7 Disembala: Khwekhwerere

Kuyesa koona. Alamu kutsogolo ndi matumba awiri, ine pambuyo pa njinga ina. Dedza ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, ndipo msewuwu umatsika mokhotakhota kufikira kuchigwa cha nyanja, popanda poti mabuleki apumire.

Makona oyambirira anayenda bwino. Ndinkaona nyali ikuyaka pang'onopang'ono polowa pakona, tayala osakhwekhwereza, chinthu chimene sanachichitepo chichokereni m'chipatala. Chapakati anakweza dzanja n'kuima. Liva yakumanzere inali itafika pa handulo. Dramu ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi ma shoe, ndipo ma shoe otentha amaterera. Pedulo ili ndi mtunda wautali woti uzingopondabe. Liva imathera pa handulo. Kumeneku ndiye kufooka kwenikweni kwa buleki ya dzanja pa dramu, ndipo sindikuona kuti tingakuthetseretu. Disiki yakutsogolo inali yotentha koma yogwirabe, ndipo ndi imene inawaimitsa. Pamenepo K170,000 ija inasiya kuwawa.

Chinathandizira kutenthako ndi kuphweka kwa liva yomweyo. Poti ili pansi pa zala, alamu ankaigwirira njira yonse ali m'giya yachinayi. Titadikira kuti izizire, tinalimbitsa nati kuti liva iziyamba kugwira itangoyenda mamilimita 10 kunsonga, n'kugwirizana kuti atsike ndi giya yachiwiri, injini izibweza njinga, mabuleki azigwira mwamphamvu asanafike pakona kenako n'kusiyiratu. Gawo lotsalalo liva sinafikenso pa handulo. Musalimbitse nati dramu ili yotentha, ikazizira imamanga tayala.

Pobwerera panatuluka vuto lina, lonyamuka pachikweza. Munthu wa miyendo iwiri yabwino amaponda buleki, dzanja lamanzere likusiya kilatchi. Alamu zonse ziwiri zili m'dzanja limodzi. Aphunzira kugwira buleki yakutsogolo ndi zala ziwiri, chikhatho chikupotoza moto. Ndi dramu yakale kutsogolo sizikanatheka, inkafuna dzanja lonse.

Ndawauzanso za brake fluid, popeza disiki ndi yachilendo kwa iwo. DOT 4 yatsopano imawira pa madigiri 230, koma imayamwa chinyezi, ndipo yonyowa imatha kuwira pa 155. Ikawira, liva imangolowa yopanda kanthu. Izisinthidwa zaka ziwiri zisanathe, ndipo yoyezera m'kabotolo ka mankhwala pa msika asagule.

4 Januwale: matope

Mvula yakhazikika, ndipo misewu ya kuminda kumene alamu amakatenga mbatata yasanduka phala. Mapadi akutsogolo atha theka m'mwezi umodzi, disiki yayamba mizere. Dothi lofiira ndi mchenga zikulowa pakati pa padi ndi disiki. Dramu yakumbuyo, yotsekeka, titaitsegula inali yoyera. Amene amati dramu ndi yachikale ayambe afika kuno mu Januwale.

Tinadula lata n'kuphimba disiki yonse, kusiya timabowo pang'ono. Matope anachepa, koma alamu atatsikira ku Golomoti anabwera disiki itachita mtundu wa buluu, mapadi akununkha. Kuipa kwinanso, matope ochepa amene analowa analibe potulukira.

Honda inadutsa njira yomweyi, ndi ndalama zambiri kuposa zathu. Madisiki a zitsulo zosachita dzimbiri a m'ma 1970 ankachedwa kugwira pamvula. Chitsulo choumba wamba chimagwira bwino koma chimachita dzimbiri n'kunyansa. Pa CBX550F ya 1982, komanso VT250F ndi VF400F, Honda inaika madisiki a chitsulo choumbacho n'kuwabisa m'chivindikiro chokhala ndi mipata yolowera mphepo. Pamvula inkagwiradi. Koma kuchotsa gudumu kapena kusintha mapadi inali ntchito yotopetsa, kutentha kunkasungika mkati, ndipo mapadi abwino atayamba kupezeka, kampaniyo inabwerera ku madisiki apoyera patangopita zaka zochepa. Kwa misewu yathu ya dzinja nzeru imeneyo ikanakhala ndi ntchito, koma imafuna mipata ya mphepo yowerengedwa bwino, osati lata ndi msomali.

Chivindikiro tachidula, kwatsala kachigawo kotchinga caliper kutsogolo ndi pansi, kumene tayala limaponyera matope. Disiki yonse ili poyera. Mapadi ena K15,000, ndipo alamu akumatsuka caliper ndi madzi akafika kunyumba disiki itazizira.

18 Januwale: pamene tafika

Ndalama zonse zatuluka ndi K405,000. Foloko ndi gudumu zakale tagulitsa K60,000, ndiye kuti alamu alowetsa K345,000, kupitirira bajeti ndi K45,000. Za ntchito yanga sitinawerengere, mbatata ikufika kunyumba. Mitengoyi ikusintha mwezi ndi mwezi, muitenge ngati chongoyerekezera. Pa ndalamazo, K32,000 inapita pa zimene tinadzachotsa: liva ndi kebulo za kilatchi, kachitsulo ka chala chachikulu, ndi cholumikiza mabuleki. Chimene chathetsa vuto la mwendo, kutanthauza liva ndi kebulo za scooter, chomangira cha pa swingarm, ndi ntchito ya m'dramu, chakwana K87,000. Woyenda m'malo athyathyathya ngati Salima kapena Nsanje akhoza kulekera pomwepo. Wotsika mapiri ndi katundu asalekere pomwepo.

Zatsala izi. Chikopa cha kebulo chayamba kuperepeseka pamene chimagunda felemu, tikuikapo kapaipi ka petulo kong'amba. Madzi akulowa kumapeto kwa kebulo cha ku dramu, ndipo kamphira kotsekera kamene kanabwera nayo kang'ambika kale, ndikufuna kolimba. Mwana wa alamu akuti maliva awiri akumusokoneza, anagwirapo buleki m'malo mwa kilatchi pa msika, choncho liva ya buleki tiipaka utoto wofiira ndi kuikulunga mphira kuti izimveka mosiyana m'zala. Mabawuti a chomangira cha pa swingarm tawaika chizindikiro cha utoto kuti akamasuka zizioneka, ndipo tiwayang'ananso pamodzi ndi ma shoe mvula ikamatha, mu Epulo.